Mdani wa a Daka pa Intaneti

Kuchokela pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Chipata, panalibe wamalonda wokhala ndi webusaiti yonga ya a Abednego Daka. Eni akewo ndiwo ankatelo, ndipo sankanong'ona. Munthu amene anayamba ndi kugulitsa nthochi m'mawindo a mabasi ku Nyimba, n'kukaponda Joni, Dar es Salaam ndi Dubai, sangagulitse nshawa ngati wa pamsika. Ukatsegula webusaitiyo, kunkayamba kulila nyimbo, matumba a nshawa n'kumavina, kenaka a Daka n'kutulukila atavala suti yoyela mbee.

Chinkawasowetsa mtendele n'chimodzi. Munthu akafufuza pa intaneti kuti "nshawa Petauke", pamwamba penipeni pankabwela kawebusaiti kena kosaoneka bwino: zilembo zakuda, mitengo ya matumba, nambala ya foni, basi. Ya a Daka inkapezeka patsamba lachitatu, kumene munthu safikako.

Lachisanu m'mawa, ali m'shopu yawo ku Petauke, anatumiza mawebusaiti onse awili ku gulu la pa intaneti la akatswili a makompyuta, kuti akatswiliwo amuseke mdaniyo mpaka achite manyazi. Pa matumba a pakhomo panakhala amai Teresa a ku Nyampande, amene mwezi ulionse ankatenga pangongole theka la nshawa za m'shopumo.

"Dikilani pang'ono, amai, ndili pankhondo," anatelo a Daka.

Mayankho anagwa ngati matalala. Anayamba ndi Jerry wa ku Kitwe: "Konyansako katseguka ndisanaphethile. Yanuyi, bwana, yandidyela bando yonse ya intaneti suti isanaoneke."

Vitalis, mdala wa gululo, anachita kutengeka mtima: "Aka kanalembedwa pa chikompyuta chakale, cha chimutu ngati uvuni. Umu ndi mmene tinkapangila ife, ndipo anthu ankapeza zimene akufuna. Misozi ili m'maso."

Doris anangolemba kuti nyimboyo yamuchititsa manyazi m'minibasi, pakati pa anthu opita kumalilo.

A Daka anamasula tayi. Tsopano zonse zinawaonekela poyela. Iyi inali kampani ya ku Lusaka, ya maofesi osanjikizana, imene inkadzionetsa ngati yosauka kuti iwalande makasitomala. Anthu otelewa anawaonapo ku Dubai, komwenso anaphunzila kuti mdani amene wakukanika kumugwetsa, umamugula. Ndalama zogulila kampani ya ku Lusaka analibe, koma panja panali lole yawo, yokhayo imene inkatuta nshawa ku Kalindawalo. Anaiyang'ana pawindo. Ipite basi. Nshawa zidzabwela pa ngolo.

"Amai, lelo muona mmene anthu oyenda amachitila bizinesi!"

Anaimba nambala ija, naika foni pa sipika kuti shopu yonse imve. Anatembenukila kukhoma, dzanja m'chiuno, chifuwa patsogolo. Itangoyankhidwa, sanapeleke ngakhale moni.

"Kuno ndi a Daka a ku Petauke. Tchulani mtengo wa kawebusaiti kanu. Ndikugulitsa lole, ndikagule, ndikatseke lelo lomwe!"

Yankho linamveka kawili, m'sipika ndi kumbuyo kwawo.

"Mukakatseka, bambo, nshawa zanu ndizizigulitsila kuti?"

A Daka anatembenuka. Amai Teresa anachotsa kukhutu kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphila, naika pa kauntala ndalama zochokela kwa makasitomala a kawebusaitiko: ngongole yonse ya mwezi watha, K21,000.