Mayi Amene Anapukuta Madzi Abuluu

Panali munthu wina ku Lifuwu, mayi wogulitsa usipa, dzina lake Chisoni. Amene anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wake, ndipo akuti ndi zoona.

Amuna ake, a Mateyu, anachita ngozi pa njinga yamoto akuchokera kumunda wampunga. Anavulala khosi kwambiri moti kuchipatala anawaboola pammero n'kuikapo kapaipi kopumira. Chakudya ankalandirira m'kapaipi kena ka m'mphuno. Mawu sankatuluka. Akafuna chinthu ankangoloza.

Atayamba kupeza bwino, kunabwera a Jenifer, dokotala woona za kulankhula ndi kumeza. Anawagwira pakhosi, anawauza kuti atulutse lilime, akhosomole, ameze malovu. Kenaka anawamwetsa timadzi tothira utoto wabuluu.

"Mayi, mundithandize kuyang'ana," anatero a Jenifer. "Madziwa akapita kumimba sitiwaonanso. Koma mukaona zabuluu zikutuluka pa kapaipi ka pakhosika, ndiye kuti akulowera kumapapo. Mudzandiuze. Zikatero sitingawapatse chakudya cha pakamwa."

Chisoni anavomera, koma mtima unali kwina. Ukwati wa mwana wawo Beauty unali utayandikira, ndipo ankadziwa kuti munthu amene sanayambe kudya samutulutsa m'chipatala.

A Jenifer atapita kukaona odwala ena, a Mateyu anakhosomola. Pa kapaipi panatuluka makhololo abuluu. Chisoni anayang'ana uku ndi uku, anapukuta ndi nsonga ya chitenje chake, n'kuipinda m'chiuno. Amuna ake anamugwira mkono, akupukusa mutu.

"Khalani chete, bambo a Beauty," ananong'ona. "Mukufuna mwana akwatiwe inu palibe?"

A Jenifer atabwerera anayang'ana pa kapaipi, anakoka makhololo ndi makina, sanapeze kanthu.

"Munaonapo zabuluu?"

"Ayi, adokotala. Palibe."

Anawalola kuyamba phala, timasipuni tochepa. Chisoni anasangalala, anawonjezanso masipuni ake. Sipanapite nthawi, a Mateyu anatentha thupi, kupuma kunavuta, phala linayamba kuoneka pa kapaipi. Chinali chibayo.

Chisoni anapita kwa a Jenifer, anatambasula chitenje chija. Banga labuluu linali likadalipo.

A Jenifer sanakalipe. "Mwachita bwino kundionetsa. Tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho. Koma dziwani kuti munatsala pang'ono kuwataya."

Phala anawasiyitsa, mankhwala anayambika. Ukwati unachitika a Mateyu ali pabedi, anangouonera pa foni ya mnzawo wogona nawo pafupi. Chisoni sanapitenso ku ukwatiko. Anati sangavine atasiya munthu amene wamudwalitsa yekha.

Kuyambira pamenepo anakhala wina. Ankakhazika amuna ake tsonga, ankawatsuka m'kamwa, ankawakumbutsa zolimbitsa khosi zimene a Jenifer anawaphunzitsa. Akaona wodikirira wodwala wina akubisa thobwa m'chikwama, ankamuitanira pakhonde n'kumufotokozera zimene zinamuchitikira.

Chifuwa chitapola, anayesanso madzi abuluu aja. Ulendo uno Chisoni anakhala manja ali kumbuyo mpaka a Jenifer anaona okha. Panalibe kanthu. Anawayesanso ndi kamera yolowetsa m'mphuno kuti atsimikize, zonse zinali bwino. Atatero anavundikira kapaipi ndi kachivindikiro kothandiza kuti mpweya uzikwera kukamwa.

"Tayesani kulankhula, bambo," anatero a Jenifer.

A Mateyu anapuma, anayang'ana akazi awo. Chisoni anawerama, akudikira kudzudzulidwa. Mawu anatuluka osasa, apansipansi.

"Mayi a Beauty, kodi mpunga uja munakolola?"

Wodi yonse inaseka, Chisoni akuseka ndi misozi yomwe.

Lero a Mateyu ali kwawo. Kapaipi anachotsa, pakhosi panangotsala kachipsera. Amadya chambo pang'onopang'ono, akazi awo atachotsa minga yonse, ndipo Lamlungu amaimba nawo m'tchalitchi ndi mawu awo osasawo.

Phunziro: Achipatala akakufunsani zimene mwaona kwa wodwala wanu, nenani zoona, ngakhale zikhale zochedwetsa kupita kunyumba. Munthu wopumira pa kapaipi ka pakhosi musamupatse chakudya kapena madzi asanamuyeze ngati akumeza bwino. Chikondi chobisa zizindikiro chikhoza kupha. Tumizirani uthengawu abale ndi anzanu, makamaka amene akudikirira odwala m'chipatala.