Woperekeza wa ku Nsanja ya Nyali

Basi ya sukulu inali itayatsa kale magetsi pamene Fauziya anakumbukira foni ya amayi ake. Anaiiwala pawindo m'nsanja yakale ija, imene inkaunikira mabwato panyanja ya Malombe. Amayi anamubwereka monyinyirika, ndiye zobwerera ku Nkaya chimanjamanja sakanayerekeza.

Anathamanga kudutsa m'paki, mabenchi ali mbuu mumdima. Masana mlonda ananena kuti m'nsanjamo simukhala munthu, koma atafika pakhomo, pakamwa panangoyankhula pokha.

"Odi."

"Odini, mwanangu."

Anali mawu a bambo wachikulire. Dzanja lozizira linamuikira foni m'manja.

"Tiye ndikuperekeze."

Nkhope sanaione. Ankangomva masilipasi onyowa kumbuyo kwake, phwa, phwa. Ankadziwa kuti mlendo ndiye amauza womuperekeza kuti basi, abwerere pompano. Koma iye, woti ngakhale kukweza mkono m'kalasi kumamukanika, akanamuuza bwanji munthu wamkulu?

"Iwe, umayankhula ndi ndani?" anafunsa aphunzitsi a Mustafa pakhomo la basi.

"Ndi agogowa."

"Agogo ake ati? Lowa, watichedwetsa."

Njira yonse mpando wapambali pake unali wonyowa, ukununkha ndere.

Kunyumba anapereka foni ija, n'kutseka chitseko, n'kuika mpiringidzo. Amayi ankayala mkeka kuti aswali.

Panja masilipasi aja anaima.

"Odi."

"Fauziya, sukumva kodi?" anatero amayi. "Kawatsegulire alendowo."