Njala ya Malemu Yeoh

"Mukudya chiyani kuseriko, madala?"

Beng Huat anadzidzimuka, mafuta a nkhumba akuchucha pachibwano mpaka m'malaya. Mkazi wake, Gaik Lean, anamupeza atagwada paguwa la makolo, pansi pa chithunzi cha malemu Yeoh, bambo a mwamunayo, akunyambita mbale.

"Ndi nsembe iyi. Lubani akanyeka, zotsala za makolo sizitayidwa. Mwambo ukuudziwa."

Gaik Lean anatseka mphuno. Chinenereni dokotala kuti magazi a mwamunayo akuthamanga moti mtsempha ungaphulike m'mutu, iye ankamuphikira phala la mpunga ndi masamba opanda mchere. Koma bipi sinkatsika. Chimene chinakwera ndi ulemu. Munthu wokumbukira bambo ake kamodzi pachaka anasanduka mwana wabwino kuposa onse pachilumba cha Penang: m'mawa uliwonse nsembe ya nkhumba yonona mumsuzi wakuda wa soya, nsomba zamchere zonunkha, mazira a bakha oviika mumchere.

"Bambo anabwera kumaloto," anatero Beng Huat. "Akuti kumene aliko kuli njala."

"Njala? Si zomwezi zinawagwetsa pamsika, pakamwa patapotoka?"

"Usanyoze akufa, mkazi iwe."

Gaik Lean ananyamula mbale ija ndi zala ziwiri ngati thewera. Kenako anasuntha chithunzi cha apongozi ake, n'kusiya mpata pambali pake.

"Ukutani?"

"Ndikukukonzerani malo. Koma dziwani kuti wopereka nsembe ndidzakhala ine. Phala lopanda mchere, m'mawa uliwonse."