Mikwingwirima ya Tinenenji

Phokoso lija linayambanso dzuwa litapendeka, Emma atangotula kumene dengu lake lothyolera tiyi. Thwa! Kenako kulira kwa munthu woluma mlomo kuti asamveke. Kenako mawu a a Winston, olemera ngati a munthu wokhuta kachasu: "Imirira bwino. Ndakuuza kangati?"

Nyumba za pakomboni ya esiteti n'zogundana, khoma limodzi mabanja awiri, moti mnzako akayetsemula umachita kufuna kumuuza kuti pepani. Emma analibe kothawira. Akatseka makutu, mtima ndiwo unkamva.

Chiyambire chiperoni, Tinenenji, mkazi wa a Winston, anali asanapondenso m'munda wa tiyi. M'mawa uliwonse Emma ankasuzumira pazenera n'kuona zomwezomwezo: chikhothi chachikulu chaulonda cha a Winston, chipewa chofika m'makutu, jombo, uta paphewa. Loko kobo pakhomo, kenako chikhothicho n'kumira m'nkhungu kulowera kunkhalango ya bulugama. Lachisanu Emma akaweruka msanga kudzakonzekera Sabata, ankamva munthu akukhwekhwereza mapazi m'katimo, loko ali chikhomere panja. Mbuzi yomwe amaimangirira pomwe pali msipu.

Chomuwawa kwambiri Emma chinali chakuti a Winston anali munthu. Kutchalitchi ankaimba besi, mowa sankaununkhiza n'komwe. Pa uta ndiye panalibe wofikapo. Ankaima chammbali, mapazi otalikirana ngati mapewa, mkono wamanzere uli nji kutsogolo. Chigongono cha kumanja chinkakwera mpaka kulingana ndi muvi, nsinga n'kudzakhudza pangodya ya mlomo, malo amodzimodzi nthawi zonse. Ankakonda kunena kuti uta sukokedwa ndi dzanja koma ndi msana, ndipo wougwira mokhota safuna womulanga, utawo umamulanga wokha. Anyani ankawadziwira kutali. Ngakhale a Benard, kapitawo wa alonda, sankavutika kutsikira kunkhalangoko. Ankangoimika njinga yamoto kumsewu wakumtunda, akaona kaimidwe kaja n'kukweza dzanja, basi ulendo.

Tsopano msana womwe uja, Emma ankaganiza choncho, ndi umene ukutsikira pa mayi wa mwana wake.

Dzulo lake madzulo anakumana naye kumpopi. Tinenenji atapinda malaya kuti atsuke chidebe, Emma anaona mkono wamanzere: mikwingwirima kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono, ina yakale yakuda, ina yatsopano yofiira. Zala za kumanja zinali zong'ambika, pangodya ya mlomo pali kachilonda. Atamufunsa, iye anati anagwa.

"Amake Miriam, munthu n'kumagwera mkono umodzi tsiku ndi tsiku?"

Tinenenji anamugwira padzanja, maso ali kuno ndi uko. "Chonde anzanga, za m'nyumba mwanga zisatuluke. Tikachoka pano tilowera kuti?"

Emma ankadziwa kuti si bodza. Nyumbayo inali ya ntchito ya ulonda, ndipo tsiku limene ntchito yatha, makiyi amabwezedwa. Wothyola tiyi wa panyengo sapatsidwa denga. Kwawo ku Thekerani kamunda kanagawidwa kalekale, abale anadzalamo nthochi mpaka pakhonde. Choncho mkazi wa eni ake ankapirira chifukwa cha malata, ndipo izi zinamukwiyitsa Emma kwambiri. Miriam, mwana wa m'nyumbamo, anali atatumizidwa kwa azakhali ake ku Bvumbwe mwakachetechete. Mayi amachotseranji mwana pakhomo ngati mulibe zoti asaone?

Mnzako akapsa ndevu m'zimire. M'mawa mwake, pamzere wa sikelo yoyezera tiyi, Emma anawakokera pambali a Benard n'kuwauza zonse: za loko, za mawu olemera, za mkono. Sanafune kuti munthu achotsedwe ntchito ayi. Ankangofuna kuti a Winston aopsezedwe ndi wamkulu wawo, manja aja abwerere ku anyani. A Benard anapukusa mutu, n'kunena kuti za mowazo akukayika, poti m'mawa womwewo anamuona mlonda wawoyo ataima bwinobwino ngati kale. Komabe analonjeza kuti afika, ndipo safika mogogoda.

Dzuwa litapendeka a Benard anafikadi, njinga anaisiya kumsewu. Tsopano anali ataima pakhonde limodzi ndi Emma, chipewa chili m'manja, akumvetsera.

Thwa! Kulira kuja. Mawu aja, ovuta kutuluka: "Chigongono, Tinenenji. Kweza."

Emma anawayang'ana a Benard ngati akuti mwamva nokha. Mtima wake unapepuka koyamba chiyambire chisanu. Lero mnzake atuluka m'ndendemo.

A Benard anakankha chitseko ndi phewa.

Tinenenji anali ataima chammbali pakati pa chipinda, jombo zaulonda zamatope zikadali kumapazi, nsinga ya uta ili pangodya ya mlomo, muvi ukuloza thumba la mchenga kukhoma. Pamphasa panakhala a Winston, kukamwa kutapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende pamwendo ngati si lawo.

"Ndiye kunkhalango kuja," anatero a Benard pang'onopang'ono, "ndakhala ndikukwezera dzanja ndani?"

Tinenenji anatsitsa uta. Sanayang'ane kapitawo, anayang'ana Emma.