Mlendo Amene Anabwereka Chingwe cha Intaneti

Panali mtsikana wina pa koleji ina, wa chaka chachiwiri, amene anzake ankamutchula kuti Sindikana. Wopempha chinthu kwa iye sankabwerera chimanjamanja, kaya ndi ayironi, sopo, ngakhale nsapato zimene wavala. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi.

M'chipinda chawo ku hositelo munali kabowo kamodzi kokha ka intaneti pakhoma, pomwe iye ndi mnzake wokhala naye m'chipindamo anali ndi malaputopu awiri ndi mafoni awiri. Choncho Sindikana anapeza kabokosi kogawa intaneti n'kukalumikiza ku chingwe cha pakhomacho. Bambo wa makompyuta wa pakolejipo atabwera kudzakaona, anamutsina khutu.

"Achemwali, chingwe ichi chalembedwa m'dzina lanu. Chilichonse chodutsa muno, chabwino kaya choipa, kwa ife mwatumiza ndinu. Awirinu basi, wachitatu ayi."

"Tamva, bambo," anayankha uku akuseka.

Loweruka lina masana, mnzake uja atapita kochapa, kunamveka kugogoda. Pakhomo panaima mtsikana wachilendo atakumbatira laputopu.

"Pepani asisi, ndimakhala chipinda chomaliza uko. Chingwe chathu chafa, ndiye ntchito ya m'kalasi ikufunika isanakwane folo koloko. Mphindi khumi zokha."

Sindikana anamupatsa mpando wake, n'kumusomekera chingwe kuchokera pakabokosi kaja, iye n'kupitiriza kupinda zovala. Mlendoyo analemba mwakachetechete osatembenuka. Mnzake wa Sindikana pobwera ndi beseni lake anangoona msana wa munthu akutsika masitepe.

"Ameneuja ndani?"

"Wa chipinda chomaliza. Amatumiza ntchito yake."

"Dzina lake?"

"Iwenso, munthu wapanikizika ndiyambe kumufunsa chiphaso?"

"Iwe tsiku lina udzabwereketsa mutu wakowo."

Lolemba m'mawa Sindikana anaitanidwa ku ofesi ya mkulu woyang'anira ophunzira. Bambo wa makompyuta uja anali momwemo, atazyolika. Patebulo panali kalata yooneka ngati yochokera ku kolejiyo, yopita kwa makolo a mnyamata wina wa chaka chomaliza, yowadziwitsa kuti mwana wawo wagundidwa ndi galimoto ndipo wamwalira.

Mnyamatayo anali moyo. Loweruka limenelo ankawerenga m'laibulale atazimitsa foni. Koma bambo ake, omwe ankadwala mtima, anawerenga kalatayo pafoni yawo, anamuimbira kawiri osamupeza, n'kugwa pakhonde la nyumba yawo. Sanadzukenso.

"Kalata iyi inadutsa pa chingwe chanu, Loweruka, nthawi itangopitirira fili koloko," anatero mkuluyo.

Sindikana anafuula kuti, "Si ine, bwana! Ndi mtsikana wa chipinda chomaliza. Tiyeni ndikakuonetseni."

Anapita onse. Mayi woyang'anira hositelo anasankha kiyi pamulu wake, n'kutsegula movutikira. M'katimo munali mabedi othyoka, matiresi akale ndi fumbi lokhalokha.

"Mwanawe," anatero mayiyo motsitsa mawu, "muno simunagone munthu zaka zitatu."

Anamuonetsa zithunzi za atsikana onse a pakolejipo. Sindikana sanalozepo aliyense. Alonda a pageti anati sanaone mlendo. Umboni woti kalatayo analemba ndi iye panalibe, komanso woti sanalembe ndi iye panalibe. Chimene chinalipo ndi dzina lake pa chingwe chija. Anamuimitsa sukulu chaka chimodzi. Tsiku lonyamula katundu, anamva wina akunong'ona pamasitepe kuti, "Ndi ameneyu anapha bambo a mwini." Chaka chitatha, Sindikana sanabwererenso.

Anayamba kuthandiza azakhali ake pa shopu yawo yosoka zovala. Anaonda, n'kusanduka munthu wosalankhula. Azakhaliwo ankati akamuitana ankachita kudzidzimuka ngati wagwidwa ndi dzanja lozizira.

Tsiku lina mnyamata wina analowa m'shopumo wopanda nsalu m'manja. Anadzitchula kuti ndiye mwana wa malemu aja. Sindikana anagwetsa sizasi.

"Musaope, sindinabwere kudzakangana," anatero mnyamatayo. "Ndafufuza, ndapeza kuti inu ndi ine sitinalankhulanepo n'kamodzi komwe. Simukanandichitira zimenezi. Koma amayi anga amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti, ‘Mwana wanga, unalakwira ndani?’ Ine yankho ndilibe. Tandiuzeni chabe mmene mtsikana munamubwereka chingwe uja ankaonekera. Wamtali? Woderapo? Anali ndi chipsera?"

Sindikana anatsegula pakamwa. Anakumbukira kuti laputopu inali yotuwa. Anakumbukira kuti mawu a mlendoyo anali ofatsa, ndiponso kuti potuluka anathokoza kawiri. Koma pamene panayenera kukhala nkhope panalibe kanthu.

"Achimwene," anatero misozi ili mbwembwembwe, "ndinamupatsa mpando wanga, koma sindinamuyang'ane."

Mnyamatayo anagwedeza mutu, n'kutuluka osatsanzika.

Mlendo uja sanapezeke mpaka lero. Akuti Sindikana akakwera basi kapena akaima pamzere kuchipatala, amayang'anitsitsa nkhope ya mkazi aliyense, mpaka ena amamufunsa kuti, "Kodi asisi, tikudziwana?"

Iye amangoyankha kuti, "Kaya."

Phunziro: Chifundo chinapha nkhwali. Chingwe cha intaneti, nambala yachinsinsi kapena foni imene ili m'dzina lanu ndi dzina lanu lomwelo. Musabwereketse munthu amene simukumudziwa, ngakhale atati mphindi khumi zokha. Wodziwa ntchito yake akakuchenjezani, mverani. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa mwana, mlongo kapena mnzanu aliyense amene ali ku koleji.