Chipinda cha Simsim

Mphepo yotentha inali ikuwomba kuyambira m'mawa, ndipo kumwamba kwa mzinda wa Tanta kunali kwachikasu ndi fumbi. Wagdi anatseka zenera, nakoka makatani, nawonjezera mphamvu ya makina oziziritsa mpweya. Kenako anakhala pansi m'kachipinda ka Simsim, msana kukhoma, dzanja atalitambasula. Pachikhatho panali kamphesa kouma kamodzi.

Simsim sanatuluke mumtsuko umene ankabisalamo.

Simsim anali chinchila wa malemu Nagat, mkazi wa Wagdi. Kanyama kotuwa, ubweya wofewa kuposa thonje, makutu aakulu. Khutu lakumanzere linang'ambika kalekale pa waya wa khola. Kunyumba yakale ku Cairo, Nagat akangogogoda tambula ya tiyi ndi supuni, Simsim ankathamangira pamiyendo pake. Iye ankamukanda pong'ambikapo mpaka kanyamako katatsinzina. Nagat atagona pamphasa, supuniyo inapita m'manja mwa Wagdi, ndipo Simsim ankabwerabe.

Maliro atatha, Rasha, mwana wawo yekhayo, anaumirira kuti bambo ake asamukire kwa iye ku Tanta. Tsiku losamuka kunatentha ngati lero. Rasha anati khola likwere m'galimoto yake, mozizira. Wagdi anakana.

"Katundu wa amayi ako ayendera limodzi," anatero.

Anaika khola kumbuyo kwa lole, pakati pa kabati ndi makina osokera, nalifunditsa nsalu. Aliyense woweta chinchila amadziwa kuti kanyamaka sikalimba ndi kutentha. Wagdi ankadziwa. Anangoti msewu wake ndi waufupi.

Atafika, Rasha ndiye anayamba kusuzumira pansi pa nsaluyo. Anaibweza msanga, nanyamula kholalo.

"Wakomoka, Ababa. Ndithamange naye kwa dokotala. Inu yang'anirani anthuwa asatiswere kabati."

Anabwera naye patapita masiku angapo, ali m'bokosi lotseka. Dokotala walamula mdima, kuzizira ndi bata, anatero Rasha, ndipo asamugwire mpaka atabwera yekha.

Kuyambira pamenepo Simsim sanamudziwenso Wagdi.

Wagdi sananene kanthu kwa munthu. Anapempha kachipinda kosungiramo katundu, nakasesa. Anakhoma timashelefu todumphirapo. Nthambo zamagetsi anazibisa m'mapaipi kuti zisatafunidwe. Pakona anaika mwala wosalala wogonapo kukatentha, pakona ina beseni la fumbi, poti chinchila sasamba madzi. Anagoneka mtsuko wadothi cham'mbali kuti ukhale pobisalira. Simsim analowa mmenemo ndi kukhazikika. Ankatulukamo pokhapokha m'chipinda mukakhala mopanda munthu. M'mawa Wagdi ankangopeza fumbi litamwazika ndi udzu utachepa.

Anayesa mpango wa Nagat, nauyala pakamwa pa mtsuko. Simsim anautafuna ngati chiguduli china chilichonse. Anayesa supuni ndi tambula. Kanyamako kanalira mwamantha ndi kudzikankhira mkati. Wagdi anabweza supuni m'thumba. Maso ake anali atayamba kale kuchita nkhungu, ndipo mumdimawo ankangoona timaso tiwiri tikumuyang'ana. Ankadziwa chimene tinkanena. Ndiwe unandiika padzuwa.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Anali Rasha, atanyamula mbale ya nyemba ndi buledi.

"Ababa, mukhala pasimenti pamenepo mpaka liti? Mawondowo akauma ndilibe ndalama yoitanira makina okudzutsani."

"Tseka. Ukulowetsa kutentha."

"Idyani kaye. Mbewa yanuyo yanenepa, inu ndi amene mukutha."

"Si mbewa."

"Pepani, bwana Simsim." Rasha anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anaika mbale pansi. Maso ake sanapite kumtsuko. Sankapitako kawirikawiri. "Mukanangomusiya, Ababa. Dokotala anati ena akadwala chonchi amaiwala anthu. Si mlandu wa munthu."

"Ndi wanga."

"Ababa…"

"Amayi ako anandisiyira chinthu chimodzi."

Rasha anaima pakhomo, chala chikukanda utoto wa chitseko. Wagdi anaganiza kuti mwanayo akumumvera chisoni, ndipo zinamuwawa kuposa akanamukalipira.

Kunja mphepo inagwedeza zenera. Mkati makina ankangong'ung'udza. Dzanja la Wagdi linali litachita dzanzi, koma sanalisunthe.

Mumtsuko munatuluka ndevu, kenako mphuno. Simsim anayenda pang'ono, naima. Anabwerera. Anatulukanso, mimba ili pansi, mchira utatukuka. Ananunkhiza nsapato ya Wagdi, thalauza, chala chachikulu. Kenako timapazi tozizira tinaponda pachikhatho. Anatola kamphesako ndi manja onse awiri, nakhala pomwepo n'kumadya.

"Wabwera!" Rasha ananong'ona, misozi ili m'maso. "Mwaona, Ababa? Wakukumbukirani. Wakukhululukirani."

Pang'onopang'ono Wagdi anakweza dzanja linalo, monga ankachitira Nagat, nafikitsa chala kukhutu lakumanzere kuti akande pong'ambika paja.

Chala chinayenda m'mphepete mwa khutulo kuchokera pansi mpaka pamwamba. Chinabwerera. Anayesa lakumanja. Onse awiri anali osalala, athunthu, osang'ambikapo n'kale lomwe.

Anayang'ana mwana wake, amene anali atagwira chitseko ndi manja awiri.

"Eya," anatero. "Wandikumbukira."

Anatulutsa supuni ija m'thumba, naiika m'mbale ya nyemba, nayamba kudya.