Apongozi pa Waya wa ku Mphuno

Kamwezi kamene pali mudzi wa kwawo kwa Lufeyo n'kokhotakhota ngati chinangwa, ndipo munthu salemera kanthu. Ukaponda mwamphamvu umanyamuka osabwereranso. Lamulo n'lakuti banja lililonse, tsiku lake likakwana, lizitumiza munthu kuzungulira kamwezi konse kuyendera paipi ya madzi, lamba wake ataukoleka pa waya wotsatana ndi paipiyo.

Lufeyo anali atayenda maola asanu ndi awiri pamene anafika ku Mphuno, kumene nthaka imasongoka n'kutha mwadzidzidzi. Apo anaona munthu akubwera pa waya womwewo. Chitenje chimene anamanga pamwamba pa chovala chosunga mpweya wopuma anachizindikira. Anali aNangondo, apongozi ake, akuchokera kozonda odwala kuseri kwa kamweziko.

Chikwatirire anali asanadutsanepo nawo maso ndi maso, pakuti mkamwini amapatuka n'kunjuta pambali. Dzanja linapita lokha pa ngowe ya lamba n'kuikolola pa waya. Mapazi ake anayamba kuchoka pansi.

"Bambo a Tiyese!" mawu a aNangondo anaphulika pa wailesi ya m'chisoti mwake. "Mukutani?"

"Ndimati ndikupatukireni, amayi."

"Mupatukire kuti? Kumwambako?"

Zala zake zinaphonya waya. ANangondo anamudumphira, lamba wawo n'kukungika, ndipo anamugwira mwendo n'kumukokera pansi mpaka zisoti zinagundana. Koyamba anawaona nkhope pafupi.

Anamukoleka okha pa waya, kenaka anayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Dutsani," anatero. "Ulemu wanuwo ndaulandira. Koma mwana wanga ndinamupatsa mwamuna, osati maliro opanda mtembo."